Mmene mungapezere zomwe zinayankhulidwa ku Nyumba ya Malamulo zokhudza Chigwa cha Shire

Tinali pansi pa mtengo wa bwemba titangomaliza msonkhano wa komiti ya chitukuko, pomwe mkangano unabuka. Bambo wina wachikulire anati phungu wathu, m'zaka zonse zomwe anakhala ku Lilongwe, sanatsegulepo pakamwa kunena za dayiki, khoma lotchinga madzi osefukira, yomwe takhala tikuyilirira. Mayi wina anakana kwamtuwagalu, nati iye anamumva yekha pa wailesi akufunsa nduna. Dzuwa la kwathu kuno mukulidziwa. Tinabalalika thukuta lili kamukamu, aliyense atagwiritsitsa zake. Ine monga mlembi wa komitiyo ndinapita kunyumba mtima usanakhazikike, chifukwa ndinkadziwa kuti nkhani ngati imeneyi ili ndi mboni yomwe siiwala. Chilichonse chomwe phungu kapena nduna yayankhula pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo chimalembedwa, ndipo zolembedwazo zimatchedwa Hansard.

Zinanditengera masabata awiri kuti ndipeze tsamba lomwe ndinkalifuna. Inu zisakutengereni nthawi yotero. Ndalemba pano njira yomwe ndimatsata tsopano.

Dziwani kaye chomwe mukusaka

Dzina lakuti Hansard linachokera kwa Thomas Curson Hansard, yemwe ankasindikiza zokambirana za aphungu ku London zaka zoposa 200 zapitazo. Mayiko ambiri omwe analamulidwapo ndi Britain anatengera dzinali, ndipo kwathu kuno limatanthauza buku la tsiku ndi tsiku la zoyankhulidwa m'Nyumba. Muli dzina la woyankhula, dera lomwe akuimira, ndi mawu ake motsatana monga momwe anatulukira, kungoti alembi amakonza pang'ono pomwe munthu anabwereza mawu kapena kudodoma.

Zokambiranazi zimachitika m'Chingerezi, kotero Hansard nayonso ndi ya Chingerezi. Izi zisakubwezeni m'mbuyo. Ngati Chingerezi chimakuvutani, khalani pamodzi ndi mphunzitsi kapena mwana wa Fomu 4. Inu ndi amene mukudziwa mayina a midzi, mitsinje ndi chaka chomwe madzi anasefukira, iye azingowerenga ndi kumasulira. Ntchitoyi imakoma anthu akakhala awiri.

Pali mapepala ena atatu omwe amayenda limodzi ndi Hansard, ndipo mudzakumana nawo. Order Paper ndi ndandanda wa zomwe Nyumba ikonza kukambirana tsiku limenelo, kuphatikizapo mafunso omwe aphungu alembera nduna. Votes and Proceedings ndi chidule cha zomwe Nyumba inagwirizana, popanda mawu a munthu aliyense payekha. Ndiye pali malipoti a makomiti, omwe ndiwafotokoza patsogolo chifukwa kapezedwe kake n'kosiyana.

Gawo 1: Lembani funso lanu papepala

Musanagule bandulo, tengani kope ndi cholembera. Lembani chinthu chimodzi chokha chomwe mukufuna kudziwa. "Aphungu ananena chiyani za Nsanje?" si funso, ndi nyanja. Koma "Kodi nduna inayankha chiyani za mlatho wa Chapananga utawonongeka ndi namondwe wa Ana?" limeneli ndi funso lomwe lili ndi malo, nkhani ndi nthawi. Zitatu zimenezi zikakwana, theka la ntchito latha.

Gawo 2: Pezani nthawi yake

Apa ndi pomwe ndinataya masiku ambiri, choncho ndikhalapo pang'ono. Hansard imasungidwa motsata masiku, osati motsata nkhani. Palibe buku lakuti "za madzi osefukira" kapena "za thonje". Muyenera kudziwa, ngakhale mongoyerekeza, mwezi ndi chaka chomwe nkhaniyo ikanakambidwa.

Ife a m'chigwa tili ndi kalendala yathu yomwe sitingayiiwale. Madzi aakulu a mu Januwale 2015. Idai mu Malichi 2019. Ana kumapeto kwa Januwale 2022, yemwe anawononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mu mdima. Freddy mu Malichi 2023. Ngozi iliyonse mwa izi inakambidwa ndi aphungu, ndiye yambirani pa nkhumano yomwe inalipo nthawiyo kapena yomwe inatsatira. Freddy anafika aphungu ali mkati mwa nkhumano ya bajeti, kotero za iye muyang'ane m'masiku a Malichi ndi Epulo 2023. Za Ana muyambire mu Febuluwale 2022.

Mudziwenso kayendedwe ka chaka cha boma. Kuyambira mu 2022 chaka cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, motero bajeti imakambidwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo kuunikanso bajeti ya pakati pa chaka kumabwera cha kumapeto kwa chaka. Kale chaka cha zachuma chinkayamba pa 1 Julayi, ndiye ngati nkhani yanu ndi ya zaka za m'mbuyomo, zokambirana za bajeti muzisake cha pakati pa chaka. Anthu ambiri amasochera pamenepa, akusaka bajeti ya 2017 m'mwezi wa Malichi.

Pachikuto pa Hansard mudzaona mawu atatu. "Session" ndi nyengo yaitali yomwe Mtsogoleri wa Dziko amaitsegula, ndipo imakhala ndi nambala, monga 50th Session yomwe inatsegulidwa mu Febuluwale 2023. "Meeting" ndi nkhumano imodzi ya masabata angapo mkati mwa nyengoyo. "Sitting" ndi tsiku limodzi la zokambirana. Mukapeza fayilo, lembani zitatuzi m'kope mwanu pamodzi ndi deti.

Ngati simukukumbukira nthawi, nyuzipepala zikuthandizani. Sakani pa Google dzina la malo pamodzi ndi mawu akuti "Parliament" kapena "MP", muone nkhani za The Nation, The Daily Times kapena Zodiak. Mtolankhani salemba zonse, koma amakupatsani deti, ndipo deti ndiye kiyi. Tsamba la Facebook la Nyumba ya Malamulo limaulutsanso zokambirana zili mkati, ndipo mavidiyo akale amakhala ndi masiku ake, kungoti amadya bandulo kwambiri. Ingoyang'anani detilo n'kutulukamo.

Gawo 3: Konzani mawu osakira

Tsopano lembani mawu omwe akanatchulidwa m'Nyumba. Pali misampha ingapo yomwe ndi yathuyathu ya kuno.

Dzina la boma la Chikwawa limalembedwa pawiri, Chikwawa ndi Chikhwawa. Makina sadziwa kuti ndi malo amodzi. Sakani onse awiri, apo ayi mudumpha theka la zomwe zilipo. Chimodzimodzi mayina ena omwe kalembedwe kake kamasinthasintha: yesani ndi "h" komanso popanda "h", yesani ndi "l" komanso ndi "r". Alembi a Hansard si onse anakulira kuno, ndipo dzina la Chisena kapena la Chimang'anja lomwe alimva koyamba angalilembe momwe khutu lawauzira. Nzeru yake ndi kusaka chidutswa cha dzina. Lembani "Nyachi" m'malo mwa Nyachikadza, "Makhu" m'malo mwa Makhuwira, "Mtaya" m'malo mwa Mtayamoyo.

Chachiwiri, m'Nyumba aphungu satchulana mayina pokambirana. Amati "Honourable Member for" kenako dzina la dera. Choncho dzina la dera limakupezerani zambiri kuposa dzina la munthu. Kufikira chisankho cha 2025, Nsanje inali ndi madera a Nsanje North, Nsanje Lalanje, Nsanje Central, Nsanje South ndi Nsanje South West, pomwe Chikwawa inali ndi North, East, West, Central, South ndi Nkombezi. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 malire anasintha, madera m'dziko muno n'kuchoka pa 193 kufika pa 229. Mukamasaka za kale gwiritsani mayina akale, za tsopano mayina atsopano.

Chachitatu, phungu wa kwina kapena nduna sangatchule mudzi wanu. Iye anganene "Lower Shire", "Shire Valley", "East Bank" kapena "West Bank". Onjezani amenewa. Kenako mawu a nkhani yeniyeniyo m'Chingerezi: "floods" pa madzi osefukira, "dyke" pa dayiki, "relocation" kapena "upland" pa zosamutsira anthu kumtunda, "camps" pa misasa, "relief maize" pa chimanga cha thandizo, "cotton" pa thonje, "crocodiles" ndi "hippos" pa ng'ona ndi mvuu, "washaway" pa msewu kapena njanji yokokoloka. Pa nkhani ya ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370, yesani "Shire Valley Transformation Programme" komanso chidule chake, SVTP. Pa doko la ku Nsanje lomwe mwambo wake unachitika mu Okutobala 2010, yesani "inland port" ndi "Shire-Zambezi Waterway". Pa msewu wa tsidya la kum'mawa, yesani Thabwa, Chitseko ndi Seveni, lililonse palokha.

Gawo 4: Sakani mafayilo

Tsamba la Nyumba ya Malamulo pa intaneti ndi parliament.gov.mw. Maonekedwe a masamba a boma amasintha nthawi ndi nthawi, ndiye musaloweze kuti batani lili kumanja kapena kumanzere. Yang'anani mawu akuti Hansard, Order Paper, Bills ndi Committee Reports, mulowe, musankhe masiku omwe munalemba aja.

Njira ina, yomwe nthawi zambiri imafulumira, ndi kutuma Google kuti isake m'tsamba limenelo lokha. M'bokosi losakira lembani motere:

site:parliament.gov.mw Hansard Makhanga

Pakati pa "site:" ndi dzina la tsamba pasakhale mpata. Mukafuna mafayilo a PDF okha onjezani filetype:pdf. Mukafuna kuti mawu awiri apezeke ali moyandikana, atsekereni m'zizindikiro zogwira mawu, monga "Nsanje Lalanje". Sinthani dzina la malo, sakaninso, sinthaninso. Kusaka kamodzi n'kugwa ulesi ndi chimodzimodzi kuponya khoka kamodzi m'dambo n'kunena kuti mulibe nsomba.

Mukadina ulalo n'kupeza kuti fayilo inachotsedwa, koperani ulalowo mukauike pa web.archive.org. Tsamba limeneli limasunga zithunzi za masamba akale a pa intaneti, ndipo nthawi zina fayilo yomwe inasowa kwina imapezeka kumeneko. Ngati chomwe mukufuna ndi lamulo lenilenilo lomwe linavomerezedwa, osati zokambirana zake, pitani pa malawilii.org pomwe pali malamulo ndi zigamulo za makhothi. Mwachitsanzo, lamulo la Disaster Risk Management Act la mu 2023, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la mu 1991, muliwerenge kaye, kenako mukasake zomwe aphungu a m'chigwa ananena pomwe linali bilu.

Za bandulo: mafayilowa amakhala aatali. Atsitseni nthawi yomwe netiweki ili bwino, usiku kapena m'mamawa, kapena tsiku lomwe mwapita ku Nchalo, kwa Ngabu, ku Bangula kapena pa boma. Mukatsitsa, sinthani dzina la fayilo likhale deti lake, monga 2023-03-20, kuti m'foni zisasokonekere. Kuwerenga sikufuna intaneti.

Gawo 5: Sakani mkati mwa fayilo

Musayambe kuwerenga kuchokera pa tsamba loyamba, mutopa musanafike. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F pamodzi, pa foni dinani kachizindikiro ka galasi loonera zinthu zazing'ono, mulembe liwu limodzi mwa omwe munakonza aja. Makina akudumphitsani kufika paliponse pomwe liwulo lili.

Nthawi zina mudzalemba liwu lomwe mukuliona ndi maso patsambapo, makina n'kunena kuti palibe. Zikatero ndiye kuti fayiloyo ndi chithunzi cha pepala, sinalembedwe mwachindunji pa kompyuta. Yesani kusaka liwu lakuti "Speaker", lomwe silingasowe mu Hansard. Likapanda kupezeka, mwadziwa vuto. Ikani fayiloyo pa Google Drive, muitsegule ndi Google Docs pa kompyuta, isanduka malemba osakika, ngakhale kuti fayilo ikakhala yaikulu pamafunika kuigawa. Mayina a kwathu amatuluka opotoka mukatero, ndiye apa m'pomwe kusaka ndi chidutswa cha dzina kumapindula.

Dziwaninso malo omwe nkhani za kumudzi zimakonda kubisala. Oyamba ndi nthawi ya mafunso opita kwa nduna. Pamenepa musaimire pa funso lolembedwa lokha. Nduna ikayankha, aphungu ena amaimirira ndi mafunso owonjezera, ndipo phungu wa ku Nsanje angafunse za mlatho wa kwawo pa funso lomwe linayamba ndi mlatho wa ku Karonga. Funso lotero simungalione pa Order Paper, limapezeka mu Hansard mokha. Achiwiri ndi pomwe aphungu akuyankhapo pa uthenga wa Mtsogoleri wa Dziko komanso pa bajeti, chifukwa m'pomwe phungu aliyense amakhuthula mavuto a dera lake. Achitatu ndi Committee of Supply, pomwe ndalama za unduna uliwonse zimavomerezedwa paokhapaokha. Achinayi ndi Lachinayi, tsiku lomwe aphungu wamba amabweretsa mfundo ndi mabilu awo. Ndipo pa zitukuko za ngongole kapena thandizo la kunja, monga mthirira uja, sakani mawu akuti "Authorisation Bill", chifukwa boma lisanakongole limayenera kupempha chilolezo cha Nyumba.

Gawo 6: Werengani modekha, makamaka yankho la nduna

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza ndime yanu, bwererani m'mbuyo tsamba limodzi, mupitenso patsogolo masamba awiri. Onani yemwe akuyankhula, yemwe akumuyankha, ndiponso ngati Sipikala sanalamule kuti mawuwo abwezedwe. Munthu angatchule mudzi wanu pofuna kuunenera zabwino, wina poutsutsa, wina pongopereka chitsanzo.

Mayankho a nduna ali ndi chinenero chawochawo, ndipo ndikupemphani muchiphunzire chifukwa m'pomwe anthu athu amapwetekera. "Funds permitting" ndiye kuti ndalama zikapezeka, kutanthauza kuti pakadali pano palibe. "The Ministry has taken note" ndiye kuti tamva, basi. "Under consideration" ndiye kuti akuganizirabe. "Feasibility study" ndi kafukufuku woona ngati ntchitoyo ingatheke, si ntchito yeniyeniyo. Koma mukaona kuti ndalama zaikidwa mu bajeti ya chaka chakutichakuti, kapena kontilakitala wapezeka ndipo ayamba mwezi wakutiwakuti, limenelo ndi lonjezo logwirika lomwe mungabwere nalo mawa.

Umu ndi momwe mkangano wathu wa pansi pa bwemba unathera. Mayi aja ananena zoona, funso linafunsidwa. Bambo ajanso sanalakwe kwenikweni, chifukwa yankho lake linali la mtundu wa ndalama zikapezeka, ndipo m'masiku omwe ndinawerenga sindinaone pomwe nkhaniyo inadzutsidwanso. Nditawerengera anthu ndimeyo pa msonkhano wotsatira, mkangano wa yemwe akunama unazilala, tinayamba kukambirana chomwe tilembere phungu kuti akafunsenso.

Ndinene chinthu china chomwe ndimachikhulupirira. Kusapezeka kwa dzina la phungu m'mafayilo omwe mwawerenga si umboni wakuti sanagwire ntchito. Mwina tsiku lomwe anayankhula mulibe, mwina anakambira ku komiti, mwina funso lake linalembedwa koma nthawi inatha lisanafikidwe. Mukamauza anthu, nenani ndendende zomwe mwaona: "M'masiku awa ndi awa omwe ndawerenga, sindinapeze." Tikufuna choonadi, osati chida chomenyera munthu pa nthawi ya kampeni.

Lonjezo logwirika lija mulitsate mpaka ku ndalama. Mabuku a bajeti amapezeka pa tsamba la Unduna wa Zachuma, finance.gov.mw, ndipo mumakhala mndandanda wa zitukuko ndi ndalama zomwe chilichonse chapatsidwa. Sakani dzina la ntchitoyo ndi Ctrl ndi F yemwe uja. Ngati nduna inati zili mu bajeti koma m'bukumo mulibe, mwapeza funso lenileni.

Gawo 7: Za makomiti

Ntchito yambiri ya aphungu imachitikira m'makomiti, kutali ndi makamera. Kumeneko ndi komwe amaitanitsa alembi aakulu a maunduna, mabwanamkubwa ndi akuluakulu a mabungwe a boma kuti afotokoze. Zolembedwa za mawu ndi mawu za misonkhano imeneyi sizipezeka mosavuta ngati Hansard ya m'Nyumba. Chomwe chimatuluka poyera kawirikawiri ndi lipoti.

Yambani ndi kudziwa komiti yomwe nkhani yanu ikugwera. Za kasamalidwe ka ndalama za boma, kuphatikizapo zomwe Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, wapeza, zimapita ku Public Accounts Committee. Samalani ndi chidule chakuti PAC, chifukwa Public Appointments Committee, yomwe imaunika anthu osankhidwa m'maudindo, imafupikitsidwanso chimodzimodzi, ndipo palinso bungwe la mipingo la Public Affairs Committee lomwe si la Nyumba ya Malamulo n'komwe. Za mthirira, thonje ndi ziweto sakani komiti ya zaulimi. Za mitsinje, nkhalango ndi nyama za ku Lengwe, Majete, Mwabvi ndi Elephant Marsh sakani ya zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Za misewu, milatho ndi njanji ya Marka ndi Bangula sakani ya zamtengatenga. Palinso komiti yomwe ine ndimaiona kuti ndi yathu kuposa onse, ya Government Assurances, yomwe ntchito yake ndi kulondola malonjezo omwe nduna zinapereka m'Nyumba. Pa nthawi ya bajeti makomiti amaphatikizidwa m'magulu otchedwa "clusters", ndipo gulu lililonse limapereka lipoti lake.

Njira yachidule ndi iyi. Lipoti la komiti limakaperekedwa m'Nyumba ndi wapampando wake, aphungu n'kulikambirana. Zikatero limalowa mu Hansard. Ndiye ngakhale lipotilo musalipeze palokha, sakani mu Hansard mawu akuti "Report of the" pamodzi ndi dzina la komiti, mupeza zomwe wapampando anawerenga ndi zomwe anzake anayankha. Ngati munaonapo aphungu atabwera kudzayendera msasa, sikimu ya mthirira kapena chipatala kwanuko, kumbukirani mwezi wake, musake lipoti m'nkhumano zotsatira. Mukalipeza, thamangirani kumapeto komwe kuli "Findings" ndi "Recommendations", zomwe anapeza ndi zomwe analangiza, kenako muone ngati pali mndandanda wa omwe anakumana nawo. Mudzadziwa ngati mawu omwe amfumu kapena komiti yanu inapereka tsiku lija anafika.

Gawo 8: Zikasowa pa intaneti, pemphani

Si Hansard yonse ili pa intaneti, makamaka ya zaka zakale. Koma kusowa pa foni sikutanthauza kuti kulibe. Gawo 37 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zomwe boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information Act linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Pansi pa lamuloli, nthambi ya boma imayenera kukhala ndi wogwira ntchito woona zopereka nkhani, ndipo imayenera kukuyankhani m'masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi lomwe limayang'anira lamuloli, ndipo ndi komwe mungakadandaule.

Lembani kalata yopita kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Ikhale yaifupi. Nenani dzina lanu ndi momwe angakupezereni, tchulani lamulo lija, kenako chomwe mukufuna mosazungulira: Hansard ya masiku akutiakuti, kapena lipoti la komiti yakutiyakuti la chaka chakutichakuti. Pemphani kuti akutumizireni pa imelo, kuti musalipire zosindikiza ndi zoyendera. Sungani kope la kalatayo ndi tsiku lomwe munaitumiza. Kalata yakuti "tipatseni zonse za Nsanje" ndi yovuta kuyankha ngakhale kwa munthu wofunitsitsa kukuthandizani. Ngati kalatayo ichokera ku komiti ya chitukuko, ya zangozi zogwa mwadzidzidzi, kalabu ya alimi kapena ya omvera wailesi, idindeni chidindo cha gululo.

Musaiwale njira yapafupi, phungu mwini wake. Mufikeni mwaulemu: "Olemekezeka, tamva kuti munatiyankhulira za msewu wathu. Tikupempha deti lake kuti tikawerengere anthu." Yemwe anayankhuladi amakondwera ndi pempho lotere. Maofesi a bungwe la NICE, lomwe limaphunzitsa anthu za demokalase, m'maboma athu nawonso ndi malo oyenera kufunsako thandizo pa zinthu ngati izi.

Kwa ofuna za kale kwambiri, monga ophunzira omwe akulemba mbiri, kapena ofuna kumva mawu a Mbuya Gwanda Chakuamba m'zaka zawo zoyambirira, ulendo ndi wa ku National Archives ku Zomba, mzinda womwe aphungu ankakumanako asanasamukire ku Lilongwe, kapena ku laibulale ya Nyumba ya Malamulo. M'mabuku a nthawi ya atsamunda nyumbayi inkatchedwa Legislative Council, ndipo Nsanje mudzaipeza pa dzina lakuti Port Herald. Nkhani ya Mtayamoyo, pomwe madzi anadula njira ya pakati pa Bangula ndi Makhanga mu 1997, ndi chitsanzo cha nkhani yomwe imafuna njira zonse ziwiri: zaka zaposachedwa pa foni, zaka zoyambirira m'mabuku a pashelefu.

Gawo 9: Sungani umboni, kenako kauzeni anthu

Pa ndime iliyonse yomwe mwapeza, lembani m'kope zinthu zisanu: deti, Session ndi Meeting, nambala ya tsamba, woyankhula ndi dera kapena unduna wake, ndi mawu ake ndendende m'Chingerezi. M'munsi mwake ikani kumasulira kwanu m'Chichewa kapena m'Chisena. Musaphatikize ziwirizi, kuti wina akatsutsa kumasulira kwanu athe kuona mawu oyambirira. Jambulani tsamba lonse pamodzi ndi chikuto cha fayilo. Kachidutswa kongodula mizere itatu n'kutumiza pa WhatsApp kamazungulira midzi yonse popanda deti, ndipo pomafika tsidya lina kasanduka nkhani ina.

Samalaninso ndi mawu onyoza kapena oneneza munthu mlandu. Aphungu amatetezedwa ndi malamulo pa zomwe anena m'Nyumba, koma chitetezo chimenecho ndi chawo. Ngati phungu anatchula munthu kuti anaba, inu musakafalitse ngati chigamulo cha khothi. Tengani zokhudza ntchito, ndalama ndi masiku.

Mapepala a kwathu kuno amapita ndi madzi. Sindikizani masamba ofunikawo, muwaike mu pulasitiki, kope lina likhale kwa amfumu, lina kwa mlembi wa komiti. Mafayilowo adzitumizireni nokha pa imelo kuti foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa asapite nayo.

Pa msonkhano, werengani deti kaye, kenako funso, kenako yankho, pang'onopang'ono, m'chinenero chomwe agogo akumva. Mukatha, gululo ligwirizane funso limodzi lotsatira, lokhala ndi deti la lonjezo lakale mkati mwake, mwachitsanzo: "Pa tsiku lakutilakuti nduna inauza Nyumba kuti ntchito iyamba chaka chino. Kodi yafika pati, ndipo ndalama zomwe zatulutsidwa ndi zingati?" Lembani funsolo pamakope awiri, wapampando asayine, limodzi mupereke kwa phungu nkhumano yotsatira isanayambe, chifukwa mafunso opita kwa nduna amayenera kuperekedwa nthawi ikadalipo. Nkhumanoyo ikayamba, muziyang'ana Order Paper ya tsiku lililonse kufikira mutaona dzina la dera lanu.